Kodi magetsi a dzuwa angatichotseredi majenereta a dizilo?

Nachisale wa ku Dedza:
Ndili ndi funso kwa inu amene mumadziwa za magetsi. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka m'boma la Salima, omwe amatulutsa mamegawati 60, anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo chaka chotsatira anatsegula ena a mamegawati 20 ku Golomoti, kwathu kuno. Ku Nkhotakota nakonso kuli ena a mamegawati 21. Ambirife tinkayembekeza kuti ntchito zimenezi zichepetsa dizilo amene amatidyera ndalama zakunja, koma m'masitolo, m'zipatala ndi m'mafakitale majenereta akulirabe madzulo. Kodi tikangochulukitsa mapanelo vutoli litha, kapena pali china chimene sitikuchiona?

Gondwe wa ku Mzuzu:
Mayi Nachisale, choyamba tikumbukire kuti magetsi athu ambiri sachokera ku mafuta ayi, koma ku mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Dizilo amalowa ngati wotseka mpata pamene madzi alephera. Ndi mmene zinakhalira madzi atachepa m'nyanja, pamene mu 2018 kunabwera majenereta obwereka a kampani ya Aggreko, ndipo mpata unakulanso mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Tsono vuto lagona pa nthawi. Magetsi amafunika kwambiri kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, pamene anthu aweruka, akuphika, akusita ndiponso ayatsa mababu m'nyumba zonse, ndipo imeneyi ndi nthawi yomwe mapanelo a ku Salima satulutsa kanthu. Ngakhale titayala mapanelo kuchokera ku Salima kukafika ku Chipoka, jenereta ya madzulo siingazime popanda chosungira mphamvu ya masana. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti Golomoti, ngakhale ndi yaing'ono, ndi imene yatisonyeza njira, popeza ili ndi mabatire otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Mphamvu imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi zimene dziko limafuna, koma mabatirewo amathandizanso mtambo ukaphimba dzuwa mwadzidzidzi, chifukwa magetsi akatsika kamodzin'kamodzi pa mawaya ofooka ngati athuwa, dera lonse likhoza kuthima.

Che Jafali wa ku Mangochi:
Ndikugwirizana ndi bambo Gondwe pa za mabatire, koma pa nkhani ya ndalama zakunja tisadzinamize. Malo a ku Salima ndi ku Golomoti anamangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada pamodzi ndi anzake, ndipo ESCOM imagula magetsiwo motsatira pangano la zaka zambiri. Mitengo ya m'mapangano otere kawirikawiri imawerengedwa m'madola, pamene ESCOM imatolera makwacha kwa ife ogula mayunitsi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wowerengedwa m'madola analemera tsiku lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo wa magetsi a dzuwa umadziwika kuyambira pachiyambi, pamene dizilo amakwera ndi kutsika malinga ndi msika wa dziko lonse, ndipo ayenera kuyenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam asanafike m'thanki. Pa chifukwa chimenechi ndikanakonda dzuwa kusiyana ndi magetsi opangidwa ndi malasha amene akhala akukambidwa kwa zaka zambiri ku Kam'mwamba m'boma la Neno.

Nambewe wa ku Kasungu:
Bambo anga awiriwa akamba za magetsi a dziko lonse, koma majenereta amene mayi Nachisale akuwamva si a EGENCO okha, kampani ya boma yopanga magetsi. Ambiri ndi a anthu wamba. Ine ndimagulitsa nkhuku ndi nsomba za m'firiji, ndipo ndinaika mapanelo padenga ndi mabatire kuti ndisiye kupita pamzere wa mafuta ndi zigubu. Masana mafiriji amayenda bwino, ngakhale kuti m'mwezi wa Okutobala fumbi limakuta magalasi mpaka munthu akhoza kulembapo ndi chala, ndipo tikapanda kupukuta m'mawa mabatire sadzadza. Chimene chinandipweteka ndi mabatire oyamba, amene ndinagula motchipa kwa wamalonda wina ndipo anafa asanathe chaka. Choncho boma likamakulitsa magetsi a dzuwa liyang'anenso katundu wabodza amene akulowa m'dziko, chifukwa munthu amene wapsa kamodzi amabwerera ku jenereta ndipo amauza anzake kuti sola ndi yonama.

Nachisale wa ku Dedza:
Zikomo nonse. Bambo Gondwe, nanga mawaya akuluakulu otilumikiza ndi Mozambique, ochokera ku Matambo m'dzikolo kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, sangatseke mpata wa madzulowo motchipa kuposa mabatire? Ndikufunsa podziwa kuti magetsi amenewonso tidzawalipira ndi ndalama zakunja zomwe che Jafali akunenazo.