Alipo adalowapo mu McSorley's ku New York?

Abale ndi alongo okhala ku New York, ndithandizeni chonde. Ndikulemba nkhani ya bala yakale ya McSorley's Old Ale House, yomwe ili pa East 7th Street, ndipo ndikufuna kumva kwa munthu amene adapondamo yekha.

Eni ake amati John McSorley, wochokera ku Ireland, adaitsegula mu 1854, koma ofufuza zakale ena amati chaka chimenecho nyumbayo inali isanamangidwe. Alipo adaonapo zikalata za mzinda zonena za nkhaniyi?

Chomwe chandikhudza kwambiri ndi cha amayi. Kwa zaka zoposa 100 mayi sankaloledwa kulowamo, mpaka mu 1970 khoti litagamula mlandu womwe Faith Seidenberg ndi Karen DeCrow adakasuma. Chimbudzi cha amayi chidadzamangidwa mu 1986, taganizani kuchedwa kwake! Amayi amene mudapitako, adakulandirani bwanji?

Balayi idatchuka kwambiri katswiri wojambula zithunzi ndi penti John Sloan ataijambula mu 1912, ndiponso mtolankhani Joseph Mitchell atalemba za iyo m'magazini ya The New Yorker mu 1940. Nanga lero anthu a m'deralo amamweramobe, kapena mwangodzaza alendo odzajambula zithunzi? Pansi amathirabe utuchi, ndipo mowa ukadali wa mitundu iwiri yokha, woyera ndi wakuda?

Amanenanso za timafupa ta pachifuwa pa mbalame tomwe asilikali adapachika m'mwamba popita ku Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Amene mudaona timafupati, ogwira ntchito m'menemo amati chiyani za ito?