Mbande zanga zawauka nditathira manyowa a madzi, ndalakwitsa pati?

Akuluakulu amene mumalima dimba muno ndithandizeni chonde, mtima ukundiwawa. Ndinafesa tomato ndi kabichi pa nazale zinamera bwinobwino, zitakwana masabata 4 ndinawokera pa mabedi madzulo dzuwa litapepa ndipo m'mawa mwake zonse zinali zitadzuka. Ndiye poti ulendo uno ndinatsimikiza kuti sindithira feteleza wogula ndinapanga manyowa a madzi, ndinatapa zitosi za nkhuku m'khola momwemo theka la thumba nkumanga kukamwa nkuviika mu diramu la madzi, ndinathiramonso phulusa mbale ziwiri poti ndinamva kuti lili ndi potaziyamu, chakudya china cha mbewu. Zinakhala masiku 5 okha, fungo lake lolasa m'mphuno ngati mkodzo, ine nkumati ndiye mphamvu yakeyo.

Tsiku lachitatu chiwokerereni ndinathira kapu imodzi pa phando osasungunula ndi madzi ena. Patangotha masiku awiri masamba anayamba kuuma m'mbalimbali ngati adutsidwa ndi moto, zina kufota koma dothi lili lonyowa, nditazula imodzi mizu yake inali itada. Pa mbande 60 zatsala 17 basi.

Pa nazale patsala zina zoti ndiwokere sabata yamawa ndiye ndikuopa. Vuto ndi zitosi, phulusa kapena ndinafulumira? Nanga madzi atsala mu diramu aja nditaye?

— Pepani amayi, zonse zitatu zinakumana. Zitosi zaziwisi zimakhala ndi amoniya, mpweya wonunkha ngati mkodzo uja, komanso mchere wambiri, mcherewo umakoka madzi kuchoka m'mizu nchifukwa chake mbande imafota dothi lili lonyowa, ndiye ganizani mizu yoti yangoduka kumene pozula. Phulusa musamasakanize ndi zitosi, limathamangitsa nayitrojeni, fungo lolasa munalimvalo ndi chakudya cha mbewu chikuthawira mumpweya. Madziwo musataye, vindikirani muzitakasa tsiku ndi tsiku mpaka masabata awiri kapena atatu, pothira kapu imodzi ya manyowa makapu 10 a madzi azioneka ngati tiyi wopanda mphamvu. Yambani mwathirira madzi wamba kenako muthire mozungulira, osati pa tsinde kapena pa masamba.

— Ine powokera sindithira za madzi mpang'ono pomwe. Mu phando ndimaika dzanja limodzi la kompositi yowolerana nkusakaniza ndi dothi, basi, za madzizo ndimadikira masiku 10 mpaka 14 ndikaona katsamba katsopano pamwamba ndiye kuti mizu yagwira. Kompositi yakupsa mumaidziwa, ukapisa dzanja pa mulu sipatentha, ndi yakuda yofumbutuka ndipo imanunkhira dothi, ngati mukuonabe zitosi kapena udzu momwe unalili isiyeni kaye.

— Kuwonjezera apo, masamba odya osaphika musamawathire madzi a zitosi zaziwisi, mumakhala majeremusi otsegula m'mimba.

Zikomo kwambiri abale, za phulusazi zandidzidzimutsa zedi chifukwa ndinkaona ngati ndikuwonjezera mphamvu. Nanga 17 zatsalazi ndizitani, zina zili ndi tsamba limodzi lokha lobiriwira pakati?

— Zithirireni madzi wamba ambiri masiku atatu otsatizana kuti mchere utsike pansi, muphimbire ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde. Ngati nsonga ili yobiriwira ziphukiranso, zimene zauma nsonga zulani mubwezeremo zatsalira pa nazale zija.