Linthumbu pa misampha ya fungwe ku Chongoni

Wongodzipereka, Chongoni: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Gulu lathu likutchera misampha ya khola m'nkhalango ya Chongoni kuti tigwire fungwe ndi mwili, nyama zakutchire zoyenda usiku, tiziyeze, kenako tizimasule zili zamoyo. Chiyambireni mvula, nyambo ya nyama ya nkhuku ikuitana linthumbu, moti m'mawa timapeza khola lonse lili bii. Ndikuda nkhawa kuti nyama ikakodwa usiku idzalumidwa mpaka kufa, popeza ilibe kothawira. Agalu a m'midzi nawonso akulowamo. Kodi tipopere mankhwala?

Mlonda wa nkhalango, Ntcheu: Achimwene, mankhwala ayi ndithu, chifukwa fungo lake lipirikitsa nyama zimene mukufunazo. Lambulani zinyalala pamalopo, muthire phulusa louma mozungulira monga tichitira pa khola la nkhuku, koma dziwani kuti mvula ikangogwa phulusalo latha ntchito.

Wothandiza pa kafukufuku, Dedza: Ine ndikuona kuti vuto lagona pa nyambo. Linthumbu limatsata nyama ndi mafuta, pomwe fungwe amadyanso zipatso kwambiri. Pitani pamene amachitira chimbudzi, pakuti amabwerera malo amodzimodzi, mukatokose ndi kamtengo, ndipo nyengo ino mupezamo njere za masuku ndi zigoba za bongololo. Ikani nthochi zakupsa kwambiri kapena masuku, ndipo agalu nawonso sadzachita nazo chidwi. Mwili ndi wosiyana, amafuna nyama ndithu, koma popeza ndi wopepuka, pafupifupi makilogalamu 2, ndiponso amakwera mitengo, khola lake muliike pa kathandala m'mwamba, mizati yake muipake girisi.

Dokotala wa ziweto, Dedza: Zonsezi ndi zoona, koma chimene chimapulumutsa nyama ndi kuyendera misampha pafupipafupi. Tcherani dzuwa likamalowa, yenderani pakati pa usiku ndi m'bandakucha, masana mutseke, ndipo khola mulifolere ndi udzu chifukwa kuno kumazizira. Galu akakodwa musamugwire ndi manja, ndipo aliyense wogwira nyama akhale atabayitsa katemera wa chiwewe.

Mlonda wa nkhalango, Ntcheu: Ndiwonjezere kuti musatchere pafupi ndi mapanga a Chentcherere, pakuti zojambula za pamiyala za ku Chongoni zili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO kuyambira mu 2006 ndipo kumafika alendo. Amfumu muwaonetse chilolezo chanu, kuopa kuti anthu angakuyeseni opha nyama.

Wongodzipereka, Chongoni: Zikomo kwambiri nonse. Mawa tiyamba ndi nthochi, ndipo misampha yakutali, imene sitingathe kuifika usiku, tiichotsa kaye.