Kudziwa mbali ya ubongo pa silaidi, komanso za ma neuron akuda aja

Wophunzira_Lab:
Akuluakulu, ndithandizeni. Silaidi ya H&E (yopakidwa utoto wa hematoxylin ndi eosin) ikakhala yosalembedwa, munthu amadziwa bwanji kuti kachidutswako kachokera mbali iti ya ubongo? Chachiwiri, ma neuron (maselo otumiza mauthenga mu ubongo) ena amaoneka okhwinyata, akuda bii, pomwe oyandikana nawo ali bwinobwino. Ndi matenda?

MaiHisto:
Yambani ndi lenzi ya microscope ya 4x, osathamangira 40x. Cerebellum (mbali ya ubongo ya kunkhongo) sivuta: ndi yopindikapindika ndipo ili ndi magawo 3 okha. Kunja kuli gawo lotuwa la maselo ochepa, m'kati muli timaselo ta granule tothithikana, ndipo pakati pa awiriwa pandanda mzere umodzi wa maselo akuluakulu a Purkinje. Mukaona mzere umenewo, nkhani yatha.

Cortex ya cerebrum (gawo lakunja la ubongo waukulu) ndiye imafuna kuleza mtima. Ili ndi magawo 6, koma pa H&E malire ake saoneka bwino, ndiye pemphani utoto wa Nissl wa cresyl violet. Mu motor cortex (yolamulira kayendedwe ka thupi) gawo la 4 ndi lopyapyala zedi, ndipo m'gawo la 5 muli maselo a Betz, ena ofika ma micrometer 100. Mu visual cortex (yokhudza kuona) gawo la 4 ndi lomwe lakula. Kusiyana kotereku ndi komwe katswiri wa ubongo, Brodmann, anagawira cortex mu 1909.

Katswiri_Neuro:
Pa funso lachiwirilo, nthawi zambiri si matenda ayi. Ubongo ndi wofewa. Mukaufinya ndi zala kapena forceps mankhwala a formalin asanaulimbitse, ma neuron amakhwinyata, selo lonse n'kuda, dendrite (kanthambi ka selo) yake n'kupotokapotoka. Neuron yofa chifukwa chosowa magazi imasiyana: cytoplasm (thupi la selo) imafiira psuu ndi eosin, nucleus (phata la selo) imachepa, nucleolus (kadontho ka m'kati mwa nucleus) osaonekanso. Kufiirako kumayamba kuoneka pakatha maola 12 mpaka 24. Mukakayika, onani malo osachedwa kuwonongeka mpweya ukachepa, monga chigawo cha CA1 cha hippocampus (mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira) ndi maselo a Purkinje omwewo.

Wophunzira_Lab:
Zikomo. Nanga kupewa kwake?

Katswiri_Neuro:
Ubongo wathunthu wa munthu uikeni mu formalin wa 10% wochuluka kwa milungu pafupifupi 2 musanaudule. Upachikeni ndi ulusi wodutsa pansi pa mtsempha wamagazi wa basilar (wa kunsi kwa ubongo), apo ayi umaphwatalala pansi pa chidebe. Mukachedwa kuuika m'mankhwala, timaselo ta granule mu cerebellum timayamba kusungunuka, gawo lonse n'kuoneka lotumbuluka.