Ng'ombe yaswa dzana koma sikubzikula

Nachisale, Bvumbwe: Alimi anzanga, thandizeni. Ng'ombe yanga ya mkaka ya mtundu wa Friziyani yaswa dzana, aka n'kachinayi. Mwana ali bwino ndipo zotsalira zinatuluka zonse, koma mayi ake angoima pakona ya khola. Nsenjere ikungonunkhiza n'kusiya, kubzikula ayi, ndowe n'zochepa komanso zouma. Makutu azizira ngati yagona pamvula. Apongozi akuti ndiwonjezere madeya kuti ipeze mphamvu. Nditero?

Phiri wa ku Goliati: Mayi, madeyawo ayambe adikira. Imani kumanzere kwa ng'ombeyo, pamene pamalowa m'kati kuseri kwa nthiti yomaliza, mukanikizepo chibakera osachotsa. Chifu chachikulu chikamagwira bwino ntchito chimakankha dzanja lanu n'kubwerera, kamodzi kapena kawiri pa mphindi. Pakakhala zii, ndiye kuti chaima. Madeya ambiri m'chifu choima amangosasa, mwawonjezera vuto lina.

Makutu ozizirawo ine ndikuganizira kuchepa kwa kashiamu, mchere wofunika m'thupi. Mkaka woyamba uja umakoka kashiamu wambiri m'magazi, pomwe minofu ya chifu ndi matumbo imadalira yemweyo kuti ifinye chakudya. Vutoli limakonda ng'ombe zoti zaswa kangapo, makamaka zotulutsa mkaka wambiri, ndipo limabwera m'masiku atatu oyamba ng'ombe itaswa. Itanani alangizi a ziweto lero lomwe isanagone pansi.

Nachisale: Ndayesa, a Phiri. Pakugwedezeka pang'ono chabe, mwa apo ndi apo. Ku gulu lathu la mkaka kuli botolo la kashiamu, ndibaye ndekha?

Mlangizi wopuma: Ayi ndithu, mayi. Kashiamu wobaya mumtsempha amalowetsedwa pang'onopang'ono, atafunditsidwa kaye. Mukathamangitsa, mtima umaima ng'ombe ili m'manja mwanu. Musayimwetsenso chilichonse ndi botolo ikafooka, imatsamwa ndipo madziwo amapita m'mapapo.

Akabwera mlangizi mnzangayo ayeze kutentha kaye. Kukapitirira madigiri 39.5, aganizire za matenda a chiberekero kapena bere, chifukwa vuto la kashiamu silitenthetsa thupi. Amvetserenso nthiti zakumanzere akuzigogoda ndi chala. Ng'ombe ili ndi zifu zinayi, ndipo chachinayicho chikafooka chimadzaza mpweya n'kukwera kumanzereko, malo amene mwana wasiya, ndipo chimalira ngati chigubu chopanda kanthu. Zimenezi zimaoneka kwambiri mwezi woyamba, choncho ngakhale idzuke mawa muziyang'anabe ndowe zake.

Phiri wa ku Goliati: Podikira alangiziwo, ikirani madzi ofunda m'ndowa imwe yokha, ndi udzu wouma wabwino pafupi. Ikayamba kubzikula, madeya muziwonjezera pang'ono tsiku lililonse, osati beseni lonse kamodzi.