Makalata a Flamsteed ndi Newton: ndithandizeni

Akuluakulu, pali pomwe mutu wanga waima. Mu Novembala 1680 kunaoneka nyenyezi ya mchira m'bandakucha, kenaka mu Disembala ina inaoneka madzulo. John Flamsteed, katswiri wa zakuthambo wa ku Greenwich ku England, ankati ndi imodzi yomweyo, yangotembenuka pafupi ndi dzuwa. Isaac Newton, ali ku Cambridge, anakana m'makalata ake a 1681, nati ndi ziwiri. Koma pofika 1687 anali atavomera, ndipo miyezo ya Flamsteed yemweyo inamuthandiza powerengera njira ya nyenyeziyo.

Nanga chinamusintha maganizo n'chiyani kwenikweni? Ana asukulu anga andifunsa, ine kukamwa kwangoti pululu. Amene munawerengako makalatawa, chonde ndifotokozereni mosavuta, masamu asachuluke.