Kodi ndingaonetse bwanji mlalang'amba pa luso la urushi?

Akuluakulu odziwa za luso la urushi (utomoni wa mtengo womwe amisiri a ku Japan amapaka pa zinthu kuti zinyezimire), ndikupempha nzeru zanu. Ndikukonza thabwa lakuda lomwe ndikufuna kuti lionetse thambo la usiku, makamaka mlalang'amba, potsatira njira ya ku Japan yotchedwa maki-e, yomwe mmisiri amawaza ufa wa golide kapena siliva pa utomoni usanaume, kenako n'kupakanso utomoni wina ndi kukwecha ndi makala mpaka ufawo utaonekera.

Nkhawa yanga ili pa mmene ntchitoyi idzaonekere pakapita zaka. Utomoni wa urushi umanka nuonekera mkati pang'onopang'ono, motero nyenyezi zokwiririka pansi zimayamba kuwala kwambiri, ndipo zimenezi n'zomwe zinandikopa. Koma siliva amada akamakhudzana ndi mpweya. Kodi n'kwanzeru kuika tizidutswa ta zigoba za m'nyanja pa nyenyezi zikuluzikulu, monga amachitira pa njira yotchedwa raden, n'kusiyira siliva tinyenyezi tating'ono tokha? Kapena ndingolimba mtima n'kugula chitsulo chotchedwa platinamu, chomwe sichida ngati siliva, ngakhale chili chodula?

Komanso, popeza kuwala kwa dzuwa kumawononga urushi, ndi nyale zamtundu wanji zomwe zingaonetse bwino kunyezimira kwake popanda kuufwifwitsa?